Modulator Ikuchita Phokoso M'galimoto? Musathamangire Kugula Wailesi Ina

Tamverani kaye ichi. (Akweza wailesi, pansi pa nyimbo pakumveka shiiii.) Mwamva? Ngati m'galimoto mwanu mumamveka chonchi mukabaya modulator, musachoke, chifukwa pa mfundo yachitatu pali bodza limene lawonongetsa anthu ndalama zambiri, ndipo ine limandipsetsa mtima.

Moni nonse, madalaivala a taxi, a minibasi, ndi inu mwangotulutsa kumene galimoto pa Songwe. Amene mwatipeza lero, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambepo.

Mwachangu: modulator ndi kanyumba ka wailesi kakang'ono. Imatenga nyimbo pa foni, pa flash kapena pa memory card n'kuziulutsa pa FM, wailesi ya galimoto n'kuzigwira ngati mmene imagwirira Zodiak kapena MBC. Koma mphamvu yake ndi yochepa, imangofika mamita owerengeka. Musaiwale zimenezo.

Choyamba, soketi yoyatsira fodya ija. Igwedezeni modulator. Ikamathimathima, mkatimo muli fumbi kapena dzimbiri, apo ayi siikukhala bwino. Zimitsani galimoto, pukutani. Ikapanda kuyaka n'komwe, onani fyuzi, zambiri zimakhala nayo kunsonga kwake. Tapita.

Chachiwiri, nambala. Izuleni kaye modulator. Fufuzani pamanja, osati pa auto, chifukwa auto imaima pamene pali siteshoni, pamene ife tikufuna popanda mwini. Pezani pamene pakungomveka shiiii yekhayekha, popanda kamawu ka munthu chapatali. Sunthani pang'ono m'mwamba ndi m'munsi, mumve ngati palibe siteshoni yamphamvu yoyandikana napo. Wailesi ya FM ikakumana ndi awiri pa nambala imodzi imatsata wamphamvu, ndiye kamodulator kanu sikangalimbane ndi nsanja ya paphiri. Ndipo pamene pali mbee ku Blantyre sikuti ku Lilongwe palinso mbee. Inu oyenda mu M1, sungani nambala ziwiri kapena zitatu, nyimbo ikayamba kusokonekera cha ku Ntcheu kapena ku Dedza mungosintha.

Tsopano chachitatu. Khalani bwino pampando.

Mwamvapo mawu akuti "wailesi ya ku Japan siigwira modulator, bwana, ichotseni tikuikireni ina"? Ndawamva kangapo, ndipo sabata yathayi mayi wina anandipeza ndi Passo yake atagula kale mamodulator atatu, onse akuti ndi feki, ali pafupi kulipira wailesi yatsopano. Atatu! Onse anali abwinobwino. Abale, limeneli ndi bodza, ndipo ndikuonetsani pano ndi maso anu.

Kuno kwathu, monga m'maiko ambiri, FM imayambira pa 87.5 kukafika pa 108. Ku Japan anasankha zina: 76 mpaka 90. Chifukwa chake n'chakuti kumtunda kwa 90 kunkadutsa TV yawo yakale, yomwe anayamba kuitseka mu 2011, n'chifukwa chake mawailesi ena akale a m'galimoto za ku Japan ali ndi batani lolembedwa TV. Zatsopanoko zina zimafika pa 95. Koma Vitz, Sienta, Mira, Note zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu zimathera pa 90.

Ndiye taonani. Modulator imayambira pa 87.5. Wailesi imathera pa 90. Pakati apa pali mpata pamene awiriwa amakumana, manambala opitirira 20 oti musankhepo. Vuto limabwera munthu akaisiya modulator pa nambala imene inabwera nayo, tinene 107, n'kumaifunafuna pa wailesi yosafika kumeneko. Aifuna mpaka mawa, saipeza. (Atsitsa modulator kufika pa 88.1, asunthanso wailesi.) Pano 88.1, apa 88.1. Imeneyo! Wailesi yomweyi imene amati ichotsedwe. Sitinamasule ngakhale sikuluu imodzi.

Wina alemba kale mu ma comment, ndikudziwa: "Koma yangayi imagwira masiteshoni onse." Eya, ndiye kuti kuseri kwa dashboard anakuikirani expander, kabokosi kakang'ono kokhala pakati pa waya wa eriyo ndi wailesi. Ntchito yake ndi kutsitsa manambala kuti akwane mu 76 mpaka 90. Ena amatsitsa ndi 10, ena 14, ena 18, alipo amitundumitundu. Ndiye nambala imene mukuiona pa wailesi si yeniyeni. Ngati expander yanu ndi ya 14, modulator ikakhala pa 100.0, pa wailesi muifune pa 86.0. Mudziwa bwanji kuti yanu imatsitsa ndi zingati? Tsegulani siteshoni imene mumaidziwa nambala yake, imene aulutsi amaitchula okha, muchotsere imene ikuoneka pa wailesi. Yotsalayo ndi imeneyo.

Pali msampha wina apa, ndipo ndi umene unamuvutitsa mayi uja. Ma expander ambiri amalola manambala a pansi kudutsa osasinthidwa, kwinaku akutsitsirapo a kumtunda. Ndiye pa 88.0 ya pa wailesi pakhoza kukhala modulator yanu, komanso siteshoni ya pa 102.0 itatsitsidwira pomwepo. Mukumva nyimbo yanu, pansi pake munthu akuwerenga uthenga wa maliro. Inu mumvekere modulator ndi feki. Ayi ndithu! Mwangoikana pampando umodzi. Sunthani ndi 0.3 kapena 0.5, muyesenso, ndipo poyesa muzimvetsera ndi wailesi yanu yomweyo modulator itazulidwa, osati kudalira nambala imene mnzanu anakuuzani. Ya mnzanu ili ndi expander ina.

Chonde tumizani vidiyoyi kwa mbale wanu amene ali ndi galimoto ya ku Japan asanapite kukawononga ndalama. Ndipo ngati yakuthandizani kufika pano, like imodzi sikudula.

Chachinayi, nyimbo ikumveka koma ikung'ambika, makamaka pa bass ndi pamene woimba akutchula "s". Masipika sanaphulike, mwadzaza volume pa foni. FM ili ndi malire a kuchuluka kwa mawu amene inganyamule, mukapyola imaphwanya. Tsitsani foni ifike cha pa magawo atatu mwa anayi, zimitsani bass boost, mukweze pa wailesi. Koma musatsitsenso kwambiri, shiiii uja abweranso. Dziwaninso kuti FM imadula mawu osongoka opitirira 15 kHz, ndiye ngakhale yodula chotani siifika pa CD. Ogulitsa asakunamizeni.

Chachisanu, kulira kwa udzudzu. Wiiiii, mukaponda moto nakonso kukukwera, mukasiya kukutsika. Ameneyo ndi alternator, phokoso lake likulowa kudzera m'magetsi. Kuyesa kwake n'kosavuta: zimitsani injini, kiyi akhale pa ACC. Kukasiya, mwamugwira. Kawirikawiri zimachitika foni ikakhala pa chaja nthawi yomweyo ili pa waya wa AUX, uja wotengera nyimbo ku modulator. Zulani chaja mumve kusiyana. Mankhwala ake: gwiritsani Bluetooth m'malo mwa waya, sinthani chaja chotchipacho, kapena gulani ground loop isolator, kachipangizo kotchinga phokosolo kamene kamalowa pa waya wa AUX. Kukapitirira, wa zamagetsi a galimoto aone waya wa earth wa wailesi ndi mitu ya batire ngati yachita dzimbiri.

Flash ikakana kuwerengeka, mamodulator ambiri amafuna kuti ipangidwe format pa kompyuta, posankha mtundu wotchedwa FAT32. Sungani nyimbo pa kompyuta kaye musanaipange format.

Mwayesa zonsezi koma m'tauni phokoso likadalipo? Onani kumene kuli eriyo. Pa galimoto zambiri ili pagalasi lakumbuyo kapena kumapeto kwa denga, kutali ndi soketi. Apo ndiye pofunika mtundu wina wa modulator, wolumikiza pa waya wa eriyo kuseri kwa wailesi. Ukayaka umadula eriyo yakunja, masiteshoni osalowereranso. Umafuna kumasula dashboard, ndipo pamene pali expander pamafunika kusamala kuti uikidwe mbali iti.

Imeneyo ndiye vidiyo ya Lachisanu, tidzamasula Sienta iyi limodzi, sikuluu ndi sikuluu. Panopa lembani m'munsimu mtundu wa galimoto yanu, tauni imene muli, ndi nambala imene ikukugwirirani bwino, anzanu a dera lomwelo atengerepo.