Makalata a Omvera: CaCl₂, Feteleza wa Tiyi ndi Chidulo

Omvera athu a ku Mulanje ndi ku Thyolo, takulandiraninso. Makalata a sabata ino ambiri ndi a Chemistry, zikuoneka kuti mayeso a MANEB ayamba kusowetsa anthu tulo. Tengani kope ndi cholembera, chifukwa mafomula samveka ndi khutu lokha.

Kalata yoyamba yachokera ku Luchenza, kwa mtsikana wa Fomu 3. Akuti: “Ine zandizunguza mutu. Sodium chloride ndinalemba NaCl, aphunzitsi anachonga. Calcium chloride ndinalemba CaCl, anathetha. Anzanga anandiuza kuti ndizingosinthanitsa manambala, koma pa magnesium oxide ndinapeza Mg₂O₂, nayonso anathetha. Kodi ndikulakwitsa pati?”

Mwana wanga, aphunzitsi ako sanakulakwire. Tiyambe ndi mchere wathu wa m'ndiwowu. Sodium ali mu Gulu 1 pa Periodic Table, ndiye amataya elekitironi imodzi n'kukhala Na⁺. Chlorine ali mu Gulu 7, amalandira elekitironi imodzi n'kukhala Cl⁻. Plus imodzi, minus imodzi, nkhani yatha: NaCl. Koma calcium ali mu Gulu 2, amataya awiri, n'kukhala Ca²⁺, pamene chlorine saonjezera, amalandirabe imodzi yokha. Zili ngati mayi wafika pa msika wa Chitakale ndi zinanazi ziwiri, koma wogula aliyense akufuna chimodzi: mayiyo sachoka mpaka atapeza ogula awiri. N'chifukwa chake timalemba CaCl₂. Lamulo lake ndi limodzi basi: ukaphatikiza ma plus onse ndi ma minus onse, yankho lizikhala ziro.

Tsono njira ya anzakoyo, yotenga valensi (nambala ya ma plus kapena ma minus ija) ya uyu n'kuitsitsira pa uyo, si yabodza ayi. Imagwira ntchito, koma ine sindikonda kuti mwana aiphunzire asanamvetse za ziroyo, chifukwa amangoloweza ngati nyimbo. Taona: magnesium ndi Mg²⁺, oxide ndi O²⁻. Plus ziwiri, minus ziwiri, zakwanirana kale, ndiye MgO. Fomula ya zinthu za ma ayoni (ma atomu omwe ataya kapena kulandira ma elekitironi, monga Na⁺ ndi Cl⁻) imaonetsa chiwerengero chochepetsetsa. Chifukwa chake n'chakuti mu kamchere kamodzi mulibe sodium amene wagwirana ndi chloride wake yekha. Ma ayoni amangosanjikizana miyandamiyanda, sodium aliyense atazunguliridwa ndi ma chloride 6, chloride aliyensenso atazunguliridwa ndi ma sodium 6. NaCl ikungotiuza kuti pa sodium mmodzi aliyense pali chloride mmodzi. Dzina lokha silivuta: chitsulo chimayamba osasintha dzina, chinacho chimabwera pambuyo n'kuthera ndi -ide. Ndipo usalembe “calcium dichloride” pa mayeso. Ma di- ndi ma tri- asiyire carbon dioxide ndi anzake omwe si a ma ayoni.

Yachiwiri ndi ya bambo ena omwe ali ndi kamunda ka tiyi cha ku Thunga. Alemba motere: “Pa thumba la feteleza wa sulphate of ammonia ndaonapo (NH₄)₂SO₄. Mabulaketiwo ndi a chiyani? Mwana wanga akuti urea nayenso ali ndi mabulaketi, ndiye kuti n'chimodzimodzi?”

Zikomo bambo, funso lanuli ambiri a Fomu 4 limawagwetsa. Pali ma ayoni ena omwe si atomu imodzi, koma kagulu ka ma atomu koyendera limodzi, kokhala ndi chaji (plus kapena minus) ya kagulu konseko. Ammonium ndi kagulu kotero: nitrogen mmodzi ndi ma hydrogen 4, chaji yake plus imodzi, NH₄⁺. Sulphate ndi sulphur mmodzi ndi ma oxygen 4, chaji yake minus ziwiri, SO₄²⁻. Kuti tifike pa ziro paja, pakufunika ma ammonium awiri. Mabulaketi ndi amene akunena kuti kagulu konseko katengedwe kawiri. Mutawachotsa, 4 ndi 2 zigundana, munthu n'kuwerenga kuti muli ma hydrogen 42, pamene alimo 8 okha. Laimu wopaka m'makoma nayenso ndi Ca(OH)₂ pa chifukwa chomwecho. Koma kagulu kakakhala kamodzi, monga SO₄ pa thumba lanulo, mabulaketi safunika.

Ana asukulu amene mukumvera, timaguluti mulibe kuchitira mwina, muyenera kutiloweza: ammonium NH₄⁺, hydroxide OH⁻, nitrate NO₃⁻, carbonate CO₃²⁻, sulphate SO₄²⁻, phosphate PO₄³⁻. Onaninso kuti mu ammonium sulphate, yemwe ndi sulphate of ammonia uja, mulibe chitsulo ngakhale chimodzi, komabe ndi wa ma ayoni. Amene anakuuzani kuti popanda chitsulo palibe ma ayoni anakuuzani theka la nkhani.

Za urea, bambo, mwana wanu waona bwino koma wafulumira. Urea ndi CO(NH₂)₂, mabulaketi alipodi, koma mulibe ma ayoni. Ma atomu ake amagawana ma elekitironi, palibe wataya kapena wolandira. M'mundanso zinthuzi n'zosiyana. Urea ali ndi nitrogen magawo 46 pa 100 alionse, pamene sulphate of ammonia ali ndi 21 okha, koma amabwera ndi sulphur ndipo amaonjezera asidi m'nthaka mofulumira kuposa urea. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, ya pH (muyezo wa asidi) yapakati pa 4.5 ndi 5.5, zomwe chimanga sichikondwera nazo. Koma asidi akapyola, tiyi yemweyo amavutika. Za kuchuluka kwa feteleza wothira, afunseni alangizi, kapena muyezetse dothi lanu. Akatswiri ofufuza za tiyi tili nawo pafupi pomwepa, ku Mimosa.

Iyi ndi ya mnyamata wa ku Limbuli, ndipo yandisangalatsa. Akuti: “Alamu anga ndi oyembekezera, ku sikelo anawapatsa mapiritsi oonjezera magazi olembedwa ferrous sulphate. M'buku mwathu muli iron(II) sulphate. Kodi II ameneyu akutanthauza kuti ma iron alipo awiri? Nanga sulphide, sulphite ndi sulphate zimasiyana bwanji?”

Achimwene, ferrous sulphate ndi iron(II) sulphate ndi chinthu chimodzi, loyambalo ndi dzina lakale lomwe a zamankhwala akuligwiritsabe ntchito. Koma II sakuwerenga ma atomu ayi, akunena chaji. Iron amasinthasintha: nthawi zina amataya ma elekitironi awiri n'kukhala Fe²⁺, nthawi zina atatu n'kukhala Fe³⁺. Ndiye dzina liyenera kutiuza kuti tikunena uti. Kalembedwe kameneka anakayambitsa ndi katswiri wa ku Germany, Alfred Stock, mu 1919. Mapiritsi a alamu anuwo ndi Fe²⁺ ndi SO₄²⁻, zakwanirana, FeSO₄, iron mmodzi yekha. Pamene iron(III) oxide ndi Fe₂O₃: ma iron awiri apereka plus 6, ma oxide atatu apereka minus 6. Ameneyu mumamuona tsiku lililonse. Ndi amene ali mu dzimbiri la pa malata, komanso ndi amene amafiiritsa dothi la ku Thyolo lija losachoka pa malaya oyera.

Msampha wake uli pa copper. Copper(II) oxide ndi CuO, mulibe 2 paliponse. Copper(I) oxide ndiye Cu₂O. Wothamanga amazitembenuza. Sodium, calcium ndi aluminium sasintha chaji, ndiye musawaikire manambala achiromawo.

Funso lanu lachiwiri ndi lapafupi. Sodium sulphide ndi Na₂S, mulibe oxygen. Sodium sulphite ndi Na₂SO₃, sodium sulphate ndi Na₂SO₄. Wothera ndi -ate ali ndi oxygen wochuluka kuposa wothera ndi -ite. Nitrate ndi NO₃⁻, nitrite ndi NO₂⁻. Lembani moonekera bwino, wochonga mayeso sakhala ndi nthawi yolota ngati mwalemba a kapena i.

Nthawi yatithera, koma mayi a ku Thekerani sindingawasiye. Akufunsa ngati chidulo ndi soda wa kugolosale zili chinthu chimodzi, poti zonse amaphikira thelere. Ayi mayi, n'zapachibale chabe. Soda wophikira ndi sodium hydrogencarbonate, NaHCO₃. Chidulo ndi madzi osefedwa mu phulusa, muli zinthu zingapo, koma chachikulu ndi potassium carbonate, K₂CO₃: ma potassium awiri a plus imodzi imodzi, kukwanirana ndi carbonate wa minus ziwiri. Zonse zimafewetsa masamba chifukwa ndi alkali. Chokhacho musachulutse, chifukwa alkali amaononga mavitamini ena a m'masamba, makamaka vitamini C.

Ntchito ya sabata ino nayi. Pamwamba pa phiri la Mulanje, ku Lichenya, kuli miyala ya bauxite, yomwe akaiyenga pamatuluka aluminium oxide. Aluminium ndi Al³⁺, oxide ndi O²⁻. Tilembereni fomula yake. Amene akudzimva mphamvu ayesenso calcium phosphate, koma asamale mabulaketi. Musatumize yankho lokha, onetsani momwe ma plus ndi ma minus akufikira pa ziro, ndipo mayankho okhoza tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.