Mayiko olemera akusowa ana, maso ali kwa ife

[Kamera ili pafupi ndi depoti ya mabasi ku Area 2, Lilongwe]

Mwaswera bwanji nonse? Taonani khamu lili kumbuyo kwangali: akabaza, oitanira minibasi, atsikana a mandasi. Achinyamata okhaokha. Ife tikaona chonchi timadandaula za ulova, koma ku Seoul ndi ku Tokyo khamu lotere akulisirira.

Kuti anthu asachepe m'dziko, pamafunika ana 2.1 pa mayi aliyense. Ku South Korea mu 2023 anali 0.72, kutanthauza kuti amayi khumi, ana asanu ndi awiri basi. Kuno kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza 4.4. Ku South Korea sukulu zakumudzi zikutsekedwa, nkhalamba zikuchuluka, okhoma msonkho woti penshoni ituluke akuchepa.

Ndiye mayiko olemerawa ayamba kulimbirana anthu. Japan, yemwe kale ankakhwimitsa chitseko, mu 2019 anatsegula viza yatsopano ya antchito, kuphatikizapo osamalira okalamba. Germany mu June 2024 anabweretsa Chancenkarte, chilolezo choti ukakhaleko chaka ukufunafuna ntchito. Amakupatsa mapointi poona maphunziro, chiyankhulo ndi zaka zako. Ukakhala wamng'ono mapointi amachuluka. Mwaimva bwino imeneyo?

Apa ndi pamene ine ndimakayika. Akufuna munthu kapena manja ake okha? Britain mu March 2024 analetsa obwera kudzasamalira okalamba kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Ukasambitse agogo a eni, ako ali ku Mitundu akudikira ndalama pa foni. Amene agogo awo anapita ku Joni pa Wenela, nkhaniyi si yachilendo: mgodi unkalemba mwamuna, banja n'kutsala kumudzi.

Sindikuti musapite, ayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndani angamunene namwino wofuna malipiro a mapaundi? Koma namwinoyo waphunzira ndi msonkho wathu. Komanso kuno azaumoyo ndi ochepa, n'chifukwa chake mu 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika Malawi pa mndandanda wa mayiko 55 omwe mayiko ena sayenera kumakakopako azaumoyo mwachisawawa.

Wina akakulonjezani viza ya ku Ulaya pa WhatsApp, mufunseni dzina la vizayo, komanso ngati ikulola kutenga ana anu, musanatumize ngakhale tambala.