Za ku States: apolisi, azimayi akuda ndi milandu yongothera m'malere

Moni moni anthu anga, kaya mukumvera muli mu minibasi kaya muli pa shifiti ya usiku ngati ine, takulandiraninso. Lero za mapepala okhalira kuno ku America tizisiye kaye. Mchemwali wina wa ku Zomba wandifunsa pa WhatsApp kuti asisi, zoti apolisi kumeneko amawombera anthu akuda zija zimagweranso azimayi? Poti ife kuno ku Malawi dzina lomwe tinalimva kwambiri ndi la George Floyd basi.

Zimawagwera achemwali, kungoti sizimveka.

Ine ndimakhala ku Indiana, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo kuchokera ku Indianapolis kupita ku Louisville ndi maola awiri okha pa galimoto. Kumeneko ndi komwe kunkakhala Breonna Taylor, mtsikana wa zaka 26, naye ankagwira ntchito ya zachipatala. Pa 13 Malichi 2020 pakati pa usiku ali kuchipinda apolisi anathyola chitseko cha nyumba yake, ati akufufuza za mankhwala ozunguza bongo pa mlandu wa chibwenzi chake chakale. Chibwenzi chomwe anali nacho m'nyumbamo, Kenneth Walker, anaganiza kuti ndi akuba nkuwombera kamodzi, chipolopolo chinalasa wapolisi mwendo, ndiye apolisi anabweza zipolopolo 32. Mtsikana uja anafera mu kolido. Mankhwala sanawapeze.

Ndiye tamverani pomwe pamandiwawa ine. Mu Seputembala chaka chomwecho wapolisi mmodzi yekha, Brett Hankison, ndi amene anamutsegulira mlandu, koma osati wopha Breonna ayi, mlandu wake unali woti zipolopolo zake zinalowa m'nyumba ya aneba. Eti khoma la aneba kupeza chilungamo msanga kuposa munthu. Ndipo pa mlandu umenewonso khoti linamumasula mu 2022. Zinatengera boma lalikulu la federal kuti amupeze wolakwa mu 2024 nkumupatsa miyezi 33 ya kundende mu 2025, koma awo amene zipolopolo zawo zinamupha mtsikanayo sanaimepo pa khoti pa imfa yake. Mzinda wa Louisville unapereka madola 12 miliyoni ku banja. Ndalama zoterezi sizichoka m'thumba mwa wapolisi, ndi za misonkho, kutanthauza kuti wina aliyense wolandira cheke m'tauniyo wasonkha nawo chipepeso.

Pa ntchito pathu pali mayi wina wachikulire, mbadwa ya konkuno, ndimangowatchula kuti anti. Tsiku lina ndinayankhula mopusa kuti ife a ku Africa apolisi sativuta poti timawapatsa ulemu. Anandiyang'ana, nkundifunsa kuti mwana wanga, wapolisi ali kumbuyo kwako usiku akuwona pasipoti yako kapena khungu? Ndi iwo anandiphunzitsa kuti akakuimitsa tsitsa galasi, yatsa getsi la m'galimoto, manja onse pa chiwongolero, ndipo usapise m'chikwama usananene kuti bwana ndikutenga laisensi. Ine tsopano indiketa ndimayatsa ngakhale msewu uli mbee folo koloko m'mawa, ndipo chifukwa chake ndi Sandra Bland.

Sandra anali ndi zaka 28, anali atangopeza ntchito ku yunivesite yomwe anaphunzirako ku Prairie View, Texas. Mu Julayi 2015 wapolisi Brian Encinia anamuimitsa chifukwa chosintha leni osayatsa indiketa. Basi, mlandu ndi umenewo. Kenako akumuuza kuti zimitsa fodya, iye akufunsa kuti chifukwa chiyani ndili m'galimoto mwanga, mkangano nkukula, kumuopseza ndi teza, kamfuti kamagetsi kaja, kumumanga. Patatha masiku atatu anamupeza atafa mu selo ku Waller County, akuluakulu anati anadzimangirira. Wapolisi uja anamutsegulira mlandu wonama polumbira, koma anauthetsa atavomera kuti sadzagwiranso ntchito ya upolisi. Vidiyo yake ilipo, ine sindinathe kuimaliza.

Ndipo si za lero izi. Mu 1984 ku Bronx, New York, agogo Eleanor Bumpurs a zaka 66 anawomberedwa apolisi atabwera kudzawatulutsa m'nyumba chifukwa cha ngongole ya lendi, wapolisiyo khoti linamumasula mu 1987. Nchifukwa chake pulofesa wa zamalamulo Kimberlé Crenshaw ndi anzake anayambitsa kampeni ya #SayHerName, kutanthauza kuti tchulani dzina lake, mu 2014, poti pa zionetsero mayina a azimayi ankangosowa.

Ndisanamize anthu, pena zimasintha. Yemwe anawombera Atatiana Jefferson kudzera pa windo ku Fort Worth mu 2019, mayiyo akusewera gemu ndi kamwana ka mchemwali wake, anamangidwa. Yemwenso anapha Sonya Massey ku Illinois mu 2024 anapezeka wolakwa. Koma taganizani, Sonya anaimba yekha 911, nambala yoitanira apolisi, poganiza kuti panja pali wakuba, nkufera m'khitchini mwake momwe pa nkhani ya poto wa madzi otentha. Ndiye ine ndikamva phokoso panja usiku ndimayamba ndaimbira mnzanga wa chipinda chapamwamba, apolisi pambuyo, ndipo sindinyadira zimenezo.

Wina anena kuti nanga kwathu bwanji, ndipo sakunama. Amayi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu aja mu 2019, khoti linalamula mu 2020 kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso, koma funso loti apolisi amene anawachita zachipongwe aja ali kuti tinkafunsanso chimodzimodzi.

Achemwali a ku Zomba ndakuyankhani. Amene muli ku UK ndi ku Joni nditumizireni ma voice note mundiuze kuti kwanuko akakuimitsani zimakhala bwanji, tidzawamvera limodzi sabata ya mawa. Ine ndithamange, shifiti ikuyamba leveni.