Dzimbiri pa Pikapu Yakale: Yambirani Pansi, Penti Abwere Pomaliza

[Kamera ikuzungulira pikapu yakale yomwe yaima pabwalo la ofisina, injini ikulira]

Moni abale anga a ku Ulongwe, Domwe, Tsangano, Furancungo, Zóbuè, ndi inu amene mukutionera muli mumzinda wa Tete. Iyi ndi Toyota Hilux yokoka matayala onse anayi, ya injini ya dizilo ya 3L. Tamvani kulira kwake. Injiniyi ilibe mlandu. Koma taonani m'munsi mwa chitseko ichi, penti watukusira. Ndikangodina ndi chala, chitsulo chikuyoyoka.

Galimoto za mtundu uwu zimatero. Hilux inayamba kupangidwa mu 1968, ndipo yokoka matayala onse inatuluka mu 1979. Land Cruiser 70 inabwera mu 1984, ndipo injini yake ya 1HZ aliyense amaidziwa kulimba kwake. Injini zimakhalitsa, thupi ndilo limayamba kugonja. Ndiye lero tikambe za kubwezeretsa thupi, ndipo ndinena poyera zimene zimandipweteka mtima. Ambiri amathera ndalama zonse pa penti wonyezimira, pansi pa galimoto osasuzumirako n'komwe. Mvula ikagwa nyengo ziwiri, matuza aja abwerera pamalo omwewo.

Dzimbiri limabadwa chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Likapangika limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, n'chifukwa chake limakankha penti kuchokera m'kati mpaka kutukusira. Thuza mukulionalo ndi nsonga chabe, chawonongeka pansi pake n'chotambalala.

Wina afunsa kuti, ife tili kutali ndi nyanja ya mchere, si kwa anzathu a ku Beira kuno, nanga dzimbiri lotere lichokera kuti? Lichokera ku matope ndi feteleza. Kumtunda kuno ku Angónia mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, misewu yopita kuminda imasanduka matope okhaokha. Matopewo amakakamira m'madigadi, pamwamba pa thanki, m'kati mwa chasisi, chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto, ndipo amasunga chinyezi ngakhale dzuwa litawala sabata yathunthu. Tsono feteleza ndiye woipitsitsa. Thumba limodzi la urea kapena NPK likang'ambika kumbuyo, timibulu timalowa m'ming'alu ya bokosi. Feteleza amakoka chinyezi cha mumpweya n'kusungunuka, ndipo madzi akewo amadya chitsulo msanga kuposa madzi a mvula. Pikapu yomwe imanyamula feteleza m'dzinja, mbatatesi ndi fodya pokolola, osatsukidwa pansi, bokosi lake limabooka eni ake akuona.

[Kamera pansi pa galimoto, tochi m'manja]

Musanagule kalikonse, tsukani galimoto pansi ndi madzi amphamvu, muisiye iume, kenako mulowe pansi ndi tochi, hamala yaing'ono ndi sukuludiraiva. Poyambira ndi pachasisi. Pikapu izi zinapangidwa mwakuti mutu ndi bokosi zimangomangidwa ndi mabawuti pamwamba pa chasisi, ndiye chasisi chikaola zonse zapamwambazo zilibe pokhala.

Gogodani pang'onopang'ono kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Tamvani apa, ngwee, chitsulo chili moyo. Tsopano apa, pafupi ndi pogwirira sipuling'i ya kumbuyo, phu, phu. Kulira kwasintha. Ndikabaya ndi sukuludiraiva, taonani, yalowa. Kunja kumaoneka bwinobwino, koma chasisi chotsekedwa mbali zonse chimaola kuyambira m'kati, ngati chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe. Yang'anitsitsani pogwirira masipuling'i, pokhala mashokabu, pomangira bokosi la chiwongolero, ndi zitsulo zopingasa zija zolumikiza mbali ziwiri. Muli pomwepo tsatirani ndi tochi mapaipi a mabuleki ndi a mafuta, chifukwa amadutsa m'mbali mwa chasisi momwe matope amagona. Pa galimoto ino paipi ya mabuleki a kumbuyo yadyeka kale.

Mukapeza kuti chasisi chabooka malo ambiri kapena chapindika, imani kaye muwerengere bwino. Nthawi zina kufuna chasisi china kapena kuigulitsa galimoto ngati zipangizo n'kwanzeru kuposa kuithira ndalama. Chikakhala chobooka malo amodzi kapena awiri, chimakonzeka, koma ntchito imeneyo ndi ya mmisiri wowotcherera wodziwa, osati wophunzira. Amadula poolapo, kulowetsa chitsulo chokhuthala mofanana, mwina mamilimita 3 kapena 4, kenako n'kusanjika chigamba china pamwamba chosongoka kapena chozungulira kumapeto. Chigamba cha makona anayi chowotcherera mzere woongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi chimaitana mng'alu pamzere womwewo galimoto ikasenza katundu.

Chinthu china, nambala ya chasisi musaidule, musaipale ndi galayinda, musaiwotcherere. Iyenera kuwerengeka ndi kufanana ndi yomwe ili mu livrete, chikalata cha galimoto. Ngati dzimbiri lafika pamenepo, kaonaneni ndi a INATRO, bungwe la boma lolembetsa galimoto, musanakhudze. Chimodzimodzi ngati mukufuna kusintha mtundu wa penti, pakuti mtundu nawo unalembedwa m'mapepala.

[Kamera m'kati mwa mutu, mipando yachotsedwa]

Tikwere pamwamba. Chotsani mipando, nyamulani labala wa pansi. Apa popondera dalaivala ndi pamene pamayamba, chifukwa labala wa galasi lakutsogolo akakalamba madzi amadontha kuseri kwa dashibodi n'kudzagona pansi pa kapeti. Onaninso makona a kumbuyo a mutu, m'munsi mwa zitseko, ndi pamene mutu umakhalira pachasisi. Bokosi ndi bwino kulichotseratu. Masulani mabawuti, paipi yothirira mafuta ndi mawaya a magetsi a kumbuyo, anyamata anayi kapena asanu ndi mmodzi alinyamule. Mudzadabwa ndi dothi limene lakhala pamwamba pa thanki zaka zonsezi.

Tengani maginito, kaya a sipika yakale, muwakulunge m'kansalu, muyendetse pathupi lonse. Pachitsulo amamata. Pamene akugwa, dziwani kuti wina anamatapo masa, phala lija la a bate-chapa, amisiri owongola thupi la galimoto, mochindikala. Pa digadi ili maginito akukana kuyambira apa mpaka apa. Tiyeni tipale tione.

[Galayinda ikulira, fumbi loyera]

Mwaona? Masa okhuthala ngati chala, kuseri kwake kuli bowo, ndipo m'bowomo anatsekamo kansalu ka waya. Amene anachita izi anangofuna galimoto ioneke bwino tsiku logulitsa. Masa amamwa madzi akakhala osatsekedwa kuseri, ndiye chitsulo chozungulira bowolo chinapitirira kuola mobisika, mofulumira kuposa chikanakhala poyera.

Dzimbiri la pamwamba chabe, lomwe chitsulo chake chikadali cholimba, palani ndi bulashi ya waya kapena disiki mpaka chiwale. M'timaenje momwe bulashi siifika, pakani mankhwala osandutsa dzimbiri, aja okhala ndi asidi wa phosphoric. Pofiira paja pamasanduka pakuda. Koma mankhwalawa sabwezeretsa chitsulo chimene chatha. Pobooka, pofewa, poonda mpaka kupindika ndi chala, palibe njira ina koma kudula. Ndipo musamvere chisoni. Dulani kupitirira poolapo ndi masentimita awiri kapena atatu, mpaka m'mphepete monse muoneke chitsulo choyera chokhuthala bwino. Mukawotcherera pachitsulo chadzimbiri, moto umangoboola, bowo n'kumakulirakulira.

Tisanayatse moto, batire lichotsedwe. Mawaya, makapeti ndi zotchinga za m'zitseko zichoke kuseri kwa pomwe mukuwotcherera, wina aime mbali inayo ndi chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga. Ngati ntchito ili pafupi ndi thanki, thankiyo itsike ipite kutali. Thanki yopanda mafuta koma yodzaza mpweya wa petulo ndi yoopsa kuposa yodzaza. Magalasi kumaso, ndipo chotchinga cha galayinda chisachotsedwe, chonde. Disiki ikasweka imauluka ndi mphamvu yoti n'kuchotsa diso.

[Pafupi: manja akudinda katoni pabowo]

Chigamba timayamba ndi katoni. Ikani katoni pabowo, dinani m'mphepete ndi chala chakuda ndi girisi, mzere utsala. Dulani, yesani, chepetsani, mpaka katoniyo ilowe m'bowo ndendende. Kenako jambulani pachitsulo. Chitsulo cha thupi la galimoto chimakhala pafupifupi mamilimita 0.8 mpaka 1, ndipo chigamba chifanane nacho. Malata a denga ayi. Ndi opyapyala kwambiri, komanso zinki wake akapsa amatulutsa utsi woyera wodwalitsa. Chitsulo chabwino chotchipa ndi boneti kapena denga la galimoto ina yakufa.

Powotcherera, makina a MIG, aja a magetsi otulutsa okha waya wowotcherera, ndiwo oyenera chitsulo chopyapyala chotere. M'maofisina athu ambiri muli makina a ndodo ndi gasi wa kabaidi. Ndodo ndi yabwino pachasisi, koma pachitseko imaboola. Gasi amatheka m'manja mwa mmisiri woleza mtima, ngakhale amatenthetsa malo aakulu ndipo chitsulo chimapindika, ndiye pamafunika hamala ndi chitsulo chotsamiritsa kuseri kuti awongole chikadali chofunda.

Kaya mugwiritsa ntchito chiyani, musakoke mzere umodzi wautali. Dontho apa, lumphani, dontho uko, dikirani pazizire mpaka mutha kugwira ndi dzanja, bwererani pakati pa madontho aja. Pitirizani choncho mpaka madontho akumane okha. N'zochedwa, ndikudziwa, ndipo mwini galimoto amakhala ataima pambali akufunsa kuti, "Amisiri, itha liti?" Ayankheni mwaulemu kuti, "Bambo, tikathamanga chitseko chichita mafunde, ndipo mafundewo tidzawakwirira ndi masa omwe tangochotsawa." Ndimakonda chigamba cholowa m'bowo mphepete kukumana ndi mphepete, osati chosanjika pamwamba, chifukwa pakati pa zitsulo ziwiri zosanjikizana madzi amapezapo pogona. Mukatha, salazani ndi disiki mopepuka, muunike tochi kuseri. Kuwala kukatulukira pa kabowo ngakhale kochepa ngati nsonga ya singano, tsekani.

Chitsulo chopalidwa sichigona pabwalo. Ku Tsangano kapena ku Domwe mame a usiku umodzi amachifiiritsa. Tsiku lomwelo pukutani ndi mankhwala ochotsa mafuta, muthire pulaima wa epoxy, penti woyamba woteteza chitsulo, kutsogolo ndi kuseri komwe. Kuseriko ndi kumene ambiri amaiwala, pamene moto wapsereza penti yense wa mbali imeneyo. M'molumikizira monse pakani phala lotsekera ming'alu.

Apa ndiye masa abwere, ndipo ntchito yake n'kusalaza basi, osapitirira mamilimita atatu. Sakanizani pang'onopang'ono, mankhwala oumitsa akhale pafupifupi magawo 2 pa 100. Kwa inu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, masa amauma musanamalize kupaka, ndiye gwirani m'mamawa, pamthunzi. Sandipepa yambani ndi wokhakhala wa nambala 80, kenako 180, pulaima wodzaza, 320, mumalize ndi 400 kapena 600, nthawi zonse atakulungidwa pathabwa losalala. Masa musawakwechere ndi madzi.

Za penti sinditalikitsa, chifukwa ngati zapansizi zachitika bwino penti savuta. Kumtunda kuno pewani m'mawa wa chifunga wa Juni ndi Julayi, penti amachita mbuu. Ku Tete pewani masana, amauma asanayale. Wazani madzi pansi kuti fumbi ligone, khetsani madzi a mu kompuresa. Penti wa 2K, uja wosakaniza ndi choumitsa, ali ndi mankhwala owononga mapapo, ndiye kansalu kapamphuno sikakwanira, pamafunika chophimba chenicheni chokhala ndi zosefera, ndipo ana asayandikire.

[Kamera m'munsi mwa chitseko, waya akutokosa kabowo]

Timabowo iti ta m'munsi mwa chitseko si tangozi, anatiika dala kuti madzi azituluka. Opaka penti ambiri amatitseka osadziwa. Titokoseni ndi waya. Tomwe tili m'munsi mwa chasisi ndi m'makona a bokosi chimodzimodzi. Kenako popererani sera wa galimoto m'kati mwa zitseko, m'makona a mutu ndi m'kati mwa chasisi kudzera m'mabowo ake, mpaka ayambe kudontha. Ambiri amathira oilo wakutha wa injini. Amatchinga madzi ndithu kwa kanthawi, koma amafewetsa malabala, amakoka fumbi, ndipo akadontha amaipitsa nthaka ndi madzi, ndiye ngati sera akupezeka sankhani sera. Phula la pansi lipakidwe pachitsulo choyera chothiridwa pulaima, osati pamwamba pa dzimbiri. Labala wa galasi lakutsogolo asinthidwe, apo ayi madzi abwerera popondera paja.

Bokosi likabwerera pamalo pake, nyengo ya feteleza yalani lona musanakweze matumba, ndipo mukatsitsa sesani, tsukani ndi madzi ambiri tsiku lomwelo, pansi pomwe.

Galimoto ino siituluka pano mpaka tisinthe paipi ya mabuleki tinaiona ija, ndipo ndiyo ntchito ya vidiyo yotsatira, kupinda paipi yatsopano ndi kuchotsa mpweya m'mabuleki. Zikomo, tionana.