Kaliwu ka “can” kakafika ku Finland

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino, tiyambe.

Ambiri muno mumamasulira. Ena mumaima pambali pa mlaliki wobwera Lamulungu, ena mumathandiza dokotala ndi wodwala kuti amvane, ena mumatanthauzira pamisonkhano ya chitukuko. Ndiye mwina mwadabwa kuti ndakutengerani Chifinishi chifukwa chiyani, chinenero cha anthu pafupifupi 5 miliyoni a ku Finland, kumpoto kwenikweni kwa Ulaya. Chifukwa chake n'chakuti Chingerezi tinachizolowera, moti misampha yake sitiionanso. Imaonekera bwino Chingerezicho chikakumana ndi chinenero chimene palibe nacho ubale. Chifinishi sichibale cha Chingerezi, ngakhalenso Chiswidishi cha anansi awo. Abale ake ndi chinenero cha ku Estonia, ndiponso chapatali cha ku Hungary.

Taonani pa bolodipa. Ndalemba kaliwu ka zilembo zitatu, “can”. Mwana wa sitandade 3 akukadziwa. Koma womasulira wa ku Helsinki, likulu la Finland, akakumana nako, amayamba waima kaye, chifukwa chinenero chake chimafuna kudziwa chinthu chimene Mngerezi sananene: munthuyu akuti sangathe, chamulepheretsa n'chiyani?

Titenge chiganizo ichi: “I can't swim.” Ngati munthuyo sanaphunzire kusambira chibadwire, Mfinishi adzati “En osaa uida”. Mneni wake ndi “osata”, ndipo amanena za luso lochita kuphunzira, monga kuwerenga, kuyendetsa galimoto, kulankhula chinenero. Koma tiyerekeze kuti munthuyo ndi katswiri wosambira, kungoti wathyoka mkono. Pamenepo “osata” ndi bodza, luso ali nalo. Adzati “En pysty uimaan”, thupi lakana. Nanga ngati mkono uli bwino koma dokotala wamuletsa kulowa m'madzi? “En saa uida”, sindiloledwa. Ngati malo osambirawo atseka lero, “En voi uida”, zinthu sizikulola. Mwaona? Chiganizo cha Chingerezi sichinasinthe ngakhale chilembo chimodzi, koma anthu amene akulankhulawo ndi osiyanasiyana, ndipo wina akufunika mphunzitsi pomwe wina akufunika bandeji.

Mneni womalizayo, “voida”, ndi amene ophunzira Chifinishi amathawirako, poti mu dikishonale nthawi zambiri ndi amene amayambirira. Ali ngati chitenje cha kumaliro ndi kuukwati komwe: chimafunda, koma anthu amaona kuti mwinicho alibe china. Ukamangoti “voida” paliponse adzakumva ndithu, koma adzadziwanso kuti Chifinishi chako chavala Chingerezi m'kati.

Tsono pamene pakoma ndi apa. Afinishi ali ndi aneni ena amene aliyense amanyamula chifukwa chake chake cholepherera. Munthu waitanidwa ku phwando, akuyankha kuti “I can't come.” Akati “En ehdi”, ndiye kuti nthawi yamuchepera. Akati “En pääse”, pali chomutsekereza, kaya ndi ntchito, kaya basi palibe, kaya mwana alibe womusiyira. Akati “En jaksa”, mphamvu zamuthera, watopa. Liwu limeneli la “jaksaa” limamveka tsiku lililonse kumeneko, ndipo pofunsa mnzawo amene akudwala kapena waferedwa amati “Miten jaksat?”, ngati kunena kuti mukupirira bwanji. Akati “En kehtaa”, ndiye kuti akuchita manyazi, mwina alibe chovala choyenera, mwina anayambana ndi mwini phwandolo. Apa pali kamsampha kena: kummawa kwa dzikolo, m'chigawo cha Savo, “kehdata” amatanthauzanso kuti munthu alibe nazo chidwi, wangogwa ulesi. Ndiye womasulira ayenera kudziwanso kuti wolankhulayo kwawo n'kuti, monga mmene ife timasiyanitsira mawu a ku Dedza ndi a ku Mulanje.

Palinso “raaskia”, pamene mtima sukulola, monga mayi amene sangathe kudzutsa mwana wogona bwino, kapena munthu amene akuumira kugula chinthu chodula. Palinso “mahtua”, kukwana pamalo: Mngerezi akati anthu asanu “can” kulowa m'galimoto, Mfinishi amati “Autoon mahtuu viisi”. Ndipo limene ine limandisangalatsa kuposa onse ndi “tarjeta”, kutha kupirira kuzizira. “En tarkene”, sindingathe, kukuzizira. Musaseke, amayi. Ku Kittilä, kumpoto kwa dzikolo, mu Januwale 1999 kunazizira mpaka madigiri 51.5 pansi pa ziro. Anthu okhala kotere sangalephere kukhala ndi mneni wake wake wa nkhani imeneyi.

Nthawi zina yankho labwino n'kusamasulira n'komwe. “I can see the house” m'Chifinishi ndi “Näen talon”, ndikuona nyumbayo, basi. Ndipo munthu akati “Can you close the door?” sakufunsa ngati muli ndi manja. Akupempha. Mfinishi akhoza kungoti “Sulkisitko oven?”, ulemu wonse uli m'kati mwa mneni, pa kachidutswa ka “-isi-”, monga ife timati tatsekaniko chitsekocho. Osaiwalanso kuti “can” ndi chitini. Cha zakumwa amati “tölkki”, chimene ukachibweza kusitolo chopanda kanthu amakupatsa masenti 15 a yuro, ndipo cha chakudya amati “purkki”.

Wina angati, nanga vuto lili pati, si ungowerenga nkhani yonse n'kudziwa? Eya, ngati nkhaniyo wapatsidwa. Ku Finland mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV ochokera kunja sawaika mawu a Chifinishi pakamwa pa ochita sewero, kupatula a ana. Amalemba mawuwo m'munsi mwa chithunzi, mizere iwiri, kwa masekondi ochepa. Womasulira wa ku Yle, wailesi ya dzikolo, ali ndi mwayi poti akuona nkhope: akuona ngati munthuyo akuyasamula kapena akuyang'ana wotchi, n'kusankha “jaksaa” kapena “ehtiä”, mneni wa “En ehdi” uja. Wovutika ndi womasulira za mu foni ndi kompyuta. Iyeyu kawirikawiri amalandira mndandanda wa timawu tokhatokha, popanda chithunzi. Mzere wina pangolembedwa “Play”. Ngati ndi batani la gemu, ndi “Pelaa”. Ngati ndi la kanema kapena nyimbo, ndi “Toista”. Ana oseweretsa zidole ndi “leikkiä”, wochita zisudzo ndi “näytellä”, woimba gitala ndi “soittaa”. Ndipo tamverani izi: “soittaa” yemweyo ndi amene amagwiritsa ntchito poimba foni. Ifenso timati kuimba gitala, kuimba foni. Pamenepa Mchewa ndi Mfinishi agwirizana, Mngerezi watsala yekha.

Mzere wina palembedwa “Free”. Chaulere ndi “ilmainen”, chaufulu ndi “vapaa”. Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anayamba ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki mu 1991, ili m'gulu la mapulogalamu otchedwa “free software”, ndipo m'Chifinishi ndi “vapaa”, chifukwa nkhani yake ndi ufulu wosintha ndi kugawa pulogalamuyo, osati mtengo. Womasulira wanzeru akalandira mndandanda woterewu amabweza funso kwa amene wamutuma: liwuli lili pati, akulidina ndani? Kufunsa kotere anthu ena amakuona ngati umbuli. Ine ndimati wosafunsayo ndiye woopsa, poti amangolota, n'kulemba molimba mtima.

Eya abambo, mwakweza dzanja. Mukuti kodi mawu a ubale nawonso amavuta? Kwambiri, ndipo apa tikumvana nawo bwino. “Uncle” m'Chifinishi ndi awiri: “eno” ndi mlongo wa amayi, amalume athu aja, pomwe “setä” ndi mbale wa abambo, amene ife timati bambo aang'ono kapena bambo aakulu. Womasulira buku akapeza “uncle” pa tsamba loyamba, ayenera kusanthula buku lonse kuti apeze kuti mkuluyu ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Buku likakhala chete, amalembera mlembi ngati ali moyo, apo ayi amasankha yekha n'kugwiritsa chomwecho mpaka kumapeto.

Musaganize kuti Chifinishi chilibe zake. Mngerezi womasulira kuchokera ku Chifinishi amalira ndi “hän”, limene limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, ngati iye wathu uja. Ndipo “voi”, limene ndi “angathe”, ndi dzinanso la batala wopaka pa buledi, ndiponso mfuu ngati yathu ya mayo ine.

Achinyamata kumeneko mukunong'onezana za Google Translate, ndakumvani. Makina amenewa amathandiza, sindikana, ndipo mukawapatsa chiganizo chathunthu nthawi zambiri amalasa. Koma amasankha potengera zimene zimapezeka kawirikawiri m'zolembedwa zimene anadyetsedwa, ndipo wodwala amene ali patsogolo panu sakumuona. Dikishonale nayonso, ngakhale ija yaikulu ya bungwe la Kotus, loona za zinenero za dzikolo ku Helsinki, imene aliyense angaitsegule pa intaneti mwaulere, imakupatsani matanthauzo ndi zitsanzo, kusankha n'kwanu. Mukaitsegula musathamangire tanthauzo loyamba. Werengani zitsanzo za m'munsizo, mupeze chimene chikufanana ndi munthu wanuyo.

Tsopano tigawane m'magulu a anthu anayi anayi. Ndikufufuta zonsezi, ndilembe chiganizo chimodzi: “I can't eat this.” Mfinishi akhoza kunena kuti “en saa” ngati dokotala waletsa, “en pysty” ngati chikumuchititsa nseru, “en jaksa” ngati wakhuta, “en ehdi” ngati basi ikunyamuka, “en raaski” ngati keke yake yakongola kwambiri moti kuidula kukumvetsa chisoni. Gulu lililonse lipeze mmene aliyense wa anthu asanuwa angalankhulire m'Chichewa chenicheni, popanda kubwereza sindingathe. A kuchipatala aja mukhale magulu osiyana, musaunjikane pamodzi. Muli ndi mphindi 15.