Sakuchita Dala, Musamumenye

Zikomo a mfumu, zikomo nduna zonse, amayi ndi abambo, aphunzitsi amene mwabwera. Achinyamata mwakhala kumbuyoko sunthirani pafupi, nkhaniyi ndi yanunso.

Chimene chatisonkhanitsa nonse mukuchidziwa. Sabata yatha khitchini inapsa kumunsi kwa mudzi uno. Mnyamata amene anatuluka m'chipatala miyezi yapitayi anauzidwa kuti aziyang'anira mphika wa nyemba, akatunge madzi, atsekerenso mbuzi. Iye anapita kumjigo, za mphika n'kuiwala, moto n'kugwira udzu. Anthu atathamangirako, ena anazimitsa moto, ena anatola ndodo. Dzina lake sinditchula, inunso musalitchule pano. Mabala ake ndawaona ndi maso angawa. Ndamvanso zimene zikunenedwa m'makomo: akuti anachita dala, akuti anachira kale ndiye uwu ndi mwano chabe, akuti angomangidwa. Ine ndabwera ndi mawu amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka alowe: sakuchita dala, musamumenye.

Mnyamatayu akudwala matenda amene madokotala amati schizophrenia. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse ali nawo, anthu pafupifupi 24 miliyoni padziko lonse. Zimene timaona msanga ndi zija zaphokoso: kumva mawu amene ena sakuwamva, kuganiza kuti anthu akumupangira chiwembu, kuyankhula zosalumikizana. Zimenezo mankhwala amazichepetsa ndithu, kaya ndi chlorpromazine, haloperidol, kapena jakisoni wa pamwezi uja. Koma pali mbali ina ya matendawa imene siichita phokoso, ndipo mankhwala amenewa saikonza kwenikweni. Ndiyo kuvutika kusunga zinthu m'mutu, kuchedwa kuganiza, kulephera kukonza ntchito kuti iyi iyambe, iyi itsatire. Mawu aja akasiya, inu mumati wachira, n'kumusenzetsa ntchito zonse za pakhomo tsiku limodzi. Akalephera, mumati ulesi.

Tsono chimene ndikufuna mudabwe nacho ndi ichi. Vuto lomweli timalipezanso mwa ana amene alibe schizophrenia n'komwe. Aphunzitsi, mwana uja mukumudziwa, amene sakhazikika pansi, amayankha funso lisanathe, kope lake limatayika sabata iliyonse. Ena mwa ana otere ali ndi ADHD, ndipo mwa ana 100 amakhalapo pafupifupi asanu. Kalasi imodzi ya Sitandade 2 kuno imakwana 100, ndiye werengerani nokha. Palinso mwana uja amene anachedwa kuyankhula, sayang'ana munthu m'maso, amasewera yekha, ndipo mukasuntha mbale imene amadyera amalira ngati pagwa maliro. Ameneyo mwina ali ndi autism, imene imapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 100. Matenda atatuwa ndi osiyana, chonde musawaphatikize. Koma akawayeza anthu amenewa ndi mayeso a kaganizidwe, amapunthwa malo ofananafanana. Ngakhale madokotala zinkawasokoneza. Leo Kanner anafotokoza za ana 11 a autism mu 1943 ku Baltimore, koma kwa zaka zambiri ana otere ankalembedwabe kuti ali ndi schizophrenia ya ana, mpaka buku la madokotala a ku America linasiyanitsa ziwirizi mu 1980. Ndipo ndi mu 2013 pamene buku lomwelo linavomereza kuti mwana mmodzi angathe kukhala ndi autism ndi ADHD nthawi imodzi.

Tiyeni tiyambe ndi kusunga zinthu m'mutu, chifukwa mpamene khitchini ija inapsera. Sindikunena kukumbukira zakale ayi. Mnyamata uja mayina a azigogo ake onse akuwadziwa. Ndikunena kugwira chinthu m'mutu kwa kanthawi pamene manja akuchita china. Mwatumidwa kugolosale, mchere, sopo, machesi, ndipo muli m'njira mukuwerengera chenje. Malo amenewo m'mutu ndi ochepa kwa tonsefe. Akatswiri amati munthu wamkulu amagwira zinthu pafupifupi zinayi nthawi imodzi. Zili ngati chikhatho: matimati atatu, anayi amakwana, mukaonjezera lachisanu lina limagwa. Anzathuwa chikhatho chawo n'chocheperapo. Mukamupatsa zitatu, chimodzi chimagwa, ndipo iye sadziwa n'komwe kuti chagwa. Sanasankhe kuti chigwe ndi mphika. Ndiye amayi, inu amene mumatuma mwana muli chiimire pakhomo, zinthu zisanu mpweya umodzi, kenako mumati zalowa khutu ili n'kutulukira ili, taganizani kaye. Sakuchita dala, musamumenye.

Chinanso ndi liwiro. Ichi chimaoneka kwambiri mwa odwala schizophrenia, koma ana a ADHD ndi autism ambiri ali nachonso. Mwamufunsa funso, iye ali duu. Inu mtima wayamba kale kutentha, mwafunsanso mokweza, kenako kachitatu. Mukudziwa chimene mwachita? Yankho linali m'njira, inu mwalibweza, wayambiranso poyamba. Ndinaonapo bambo wina atabwera ndi mwana wake wamkazi kuchipatala. Ndikamufunsa mtsikanayo, bambo ake amamuyankhira asanatsegule n'kamwa komwe, amvekere: "Uyutu sayankhula, adokotala." Ndinawapempha kuti tingokhala chete pang'ono. Tinadikira. Mtsikana uja anayankha bwinobwino, chiganizo chathunthu, n'kunenanso kuti mankhwala akumuumitsa khosi. Bambo aja misozi inalengeza. Mwana wawo ankayankhula nthawi yonseyi, kungoti pakhomo panalibe womudikira.

Palinso kudziletsa ndi kusintha. Mwana wa ADHD lamulo amalidziwa, mukamufunsa alinena lonse, koma dzanja limafika maganizo asanafike. Wa autism chimamuvuta kwambiri ndi kuchoka pa ichi kupita pa icho: wazolowera njira iyi yopitira kutchalitchi, lero mwadzera ina, ndiye dziko lamuthera. Komanso kuwerenga nkhope. Ife kuno timalangizana ndi maso. Alendo akabwera, mayi amangomuyang'ana mwana, mwana n'kudziwa kuti atuluke. A autism ndi a schizophrenia ambiri diso limenelo saliwerenga. Kuseka kwachipongwe ndi kuseka kwachikondi kumawasokonekera. Inu mumati alibe ulemu, sanalangidwe. Ayi, uthenga wanu sunafike.

Ntchito zambiri mwa zimenezi zimadalira mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi apa, pamodzi ndi njira zimene zimailumikiza ndi mbali zina. Mbali imeneyi imakhwima mochedwa mwa aliyense, mpaka zaka za m'ma 25. Ofufuza a ku America anajambula ubongo wa ana mazanamazana, ndipo mu 2007 anapeza kuti mwa ana a ADHD kukhwimaku kumatsalira ndi zaka pafupifupi zitatu. Ndodo siifulumizitsa zimenezo. Ndipo musamve ngati ndikunena kuti anthu amenewa alibe nzeru. Ena a autism amakumbukira manambala ndi masiku kuposa tonse tili pano. Ena a ADHD ndi amene amakonza njinga ndi mawailesi m'misikamu.

Eya, agogo, ndaona mkono wanu. Yankhulani.

(Agogo ena aakazi akufunsa: "Ndiye mukutanthauza kuti mdzukulu wanga wosakhazikika uja akadzakula adzapenga? Chifukwa bambo ake akuti zimenezi n'zakumtundu kwathu kuchikazi.")

Zikomo agogo, funso limeneli ambiri ali nalo mumtima koma akuopa kufunsa. Yankho ndi lakuti ayi. Ana ochuluka zedi a ADHD ndi autism sadzadwala schizophrenia moyo wawo wonse. Chiopsezo chawo n'chokwererako poyerekeza ndi ana ena, zimenezo sindikubisirani, koma ambiri sizidzawachitikira. Ndikupatseni chitsanzo. Pali ana ena amene amabadwa kachidutswa kakang'ono ka chromosome 22, imodzi mwa tinthu ta m'thupi tonyamula zimene timatengera kwa makolo, katasowa. Amenewo ndi ena mwa anthu amene chiopsezo chawo n'chachikulu kwambiri, ndipo ADHD ndi autism zimapezekanso kawirikawiri pakati pawo. Koma ngakhale iwowo, pafupifupi atatu mwa anayi alionse sadwala schizophrenia. Ndiye mdzukulu wanu musamuyang'ane ngati wodwala wa mawa.

Nanga kufananaku kukuchokera kuti? Mu 2013 gulu lalikulu la ofufuza linayerekeza DNA ya odwala oposa 33,000 ndi ya anthu ena pafupifupi 28,000, n'kupeza kuti zina mwa zimene timatengera kwa makolo zimakweza chiopsezo cha matenda asanu nthawi imodzi, atatu athuwa ali momwemo. Koma mvetsani bwino, agogo, ndipo akamwini anuwo akamve: si kanthu kamodzi kochokera kwa munthu mmodzi. Ndi tizinthu tambirimbiri ting'onoting'ono, tina tochokera kwa mayi, tina kwa bambo, ndipo tonsefe tili nato tina. Abambo, lekani kuloza chala kuchikazi. Ndaona mabanja akutha chifukwa cha nkhani imeneyi, mayi n'kutsala yekha ndi mwana amene akufunika anthu awiri. Zimandipweteka kwambiri.

Palinso zina zosakhala zakumtundu. Kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa thupi kwambiri, kubanika pobadwa, zonsezi zimakweza chiopsezo cha atatu onsewa. N'chifukwa chake timalimbikira za sikelo ndi kuchirira kuchipatala. Kwathu kuno tilinso ndi malungo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anatsatira ana amene anapulumuka malungo a mu ubongo, ndipo zimene anafalitsa mu 2010 zinaonetsa kuti ena mwa iwo pambuyo pake anayamba khunyu, ena khalidwe linasintha, kukhala osakhazikika ndi aukali. Mwana amene anakomokapo ndi malungo akasintha khalidwe, musathamangire kunena kuti walodzedwa. Ndipo masikito aja tinakupatsani ndi ogonamo, si otchingira dimba.

Za ufiti ndinenepo pang'ono, chifukwa ndamva kuti agogo ena m'mudzi muno ayamba kale kulozedwa zala. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, anatsatira ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali makanda mpaka kukula. Amene anadzadwala schizophrenia atakula, zinapezeka kuti pakati pa zaka 7 ndi 13 anali atayamba kale kutsalira pa kusunga zinthu m'mutu ndi pa liwiro la kuganiza, matenda asanaoneke n'komwe, mankhwala asanamwepo. Ndiye amene munakangana naye za malire a munda chaka chatha alibe mbali pamenepa. Musiyeni nkhalambayo agone mwamtendere.

Chimodzi chokha chimene chili m'manja mwanu, achinyamata kumbuyoko, ndi chamba. Kusuta kwambiri uli wamng'ono kumakweza chiopsezo cha matenda a maganizo amenewa, ndipo mnyamata amene ali kale ndi vuto la kudziletsa ndi amene amakopeka msanga. Agogo, mdzukulu wanu mumutchinjirize pamenepo. Ndayankha?

Ndaona dzuwa lapendeka, ana ayamba kulira, ena mukuyang'ana kumadimba. Ndithamange.

Nazi zoti muzichita ndi munthu wotere. Mutumeni chinthu chimodzi. Akabwera, mutume china. Muitaneni dzina, ayang'ane kwa inu, wailesi itsike, ndipo abwereze zimene mwanena. Mukafunsa funso werengani chamumtima mpaka khumi musanafunsenso. Wodziwa kuwerenga mulembereni pa kapepala, wosadziwa mujambulireni. Ntchito ikhale yomweyo, nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku, ndipo ngati mawa kuli ulendo muuzeni lero. Za moto, chitsime ndi makanda musamusiyire yekha pakadali pano, koma osamukhazika chabe ayi. Kusesa, kupalira, kudyetsa nkhuku, apatseni, chifukwa munthu wongokhala amabwerera m'mbuyo. Akachita bwino muuzeni pomwepo. Zimene mumachita ndi maso zija, nenani ndi pakamwa.

Aphunzitsi, mwana wotere akhale kutsogolo, kutali ndi windo, ntchito yake muziidula tizigawo. Funsani kwa alangizi a zamaphunziro za aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu.

Amene ali pa mankhwala asasiye chifukwa akuoneka bwino. Ngati akumugonetsa kwambiri, kumuumitsa thupi kapena kumunjenjemeretsa, bwerani naye tisinthe mlingo, musamusiyitse nokha. Wachinyamata akayamba kudzitsekera m'nyumba, kusiya kusamba, kugwa m'kalasi mwadzidzidzi, kuyankhula yekha, musadikire kuti afike pomangidwa. Yambirani pachipatala chaching'ono, iwo akutumizani kuchipatala cha boma kumene kuli anamwino a matenda a maganizo. Zikakula kuli Zomba Mental Hospital, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Zingwe ndi maunyolo ayi. Ndodo ayi. Sakuchita dala, musamumenye.

Amene muli ndi mafunso oti simungafunse pagulu mundipeze pansi pa mtengo wa mango uwo, ndikhalapo mpaka womaliza. Bwerani ndi mabuku a kuchipatala ngati muli nawo pafupi. A mfumu, ndabweza bwalo m'manja mwanu. Zikomo.