Molekyu Imodzi Ngati Chipangizo cha Magetsi: Ntchito ya Mark Ratner

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, aphunzitsi, makolo anzanga, ndi inu ana athu a sekondale ochokera m'madera ozungulira Salima muno. Ndapemphedwa kuti ndilankhule za sayansi, ndipo ndasankha kukufotokozerani za katswiri wa kemisitiri wa ku America, dzina lake Mark Ratner, amene pamodzi ndi wophunzira wake anafunsa ngati molekyu imodzi yokha ingagwire ntchito ya chipangizo cha magetsi. Molekyu ndi kagulu ka maatomu olumikizana, ndipo maatomu ndi tinthu ting'onoting'ono kwambiri timene timapanga chinthu chilichonse.

Kuti funsoli limveke, tiyambe ndi tchaja ya foni. Magetsi a ESCOM sayenda njira imodzi, amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse, pamene batire la foni limalandira magetsi oyenda njira imodzi basi. Mukafika pa Kamuzu Road kwa anyamata okonza mawailesi ndi mafoni, muwapemphe akutsegulireni tchaja yakufa. Kawirikawiri mudzaonamo tinthu tating'ono takuda, ta miyendo iwiri ya waya, tokhala ndi kamzere kotuwa kumapeto kumodzi. Timeneto ndi madayodi, ndipo ntchito yake ndi yofanana ndi ya mono wa asodzi athu, mmene nsomba imalowa mosavuta koma pobwerera palibe. Dayodi imalola magetsi kudutsa mbali imodzi, n'kuwatsekereza akafuna kubwerera. Madayodi ndi matiranzisita, timaswitchi tating'ono totsegula ndi kutseka magetsi, amapangidwa ndi silikoni wochokera ku mchenga, ndipo kuyambira mu 1947, pamene tiranzisita yoyamba inapangidwa ku Bell Labs, malo a kafukufuku a ku America, akatswiri akhala akuchepetsa tizipangizo timeneti mpaka lero foni imodzi ili ndi matiranzisita mabiliyoni. Komabe kudula silikoni kuli ndi malire, chifukwa pamafika poti zotsala ndi maatomu owerengeka okha.

Ratner anabadwa mu 1942 ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio. Anamaliza digiri yoyamba ku Harvard mu 1964, natenga digiri ya udokotala wa kemisitiri ku Northwestern University mu 1969. Atachita kafukufuku kwa kanthawi ku Aarhus m'dziko la Denmark ndi ku Munich m'dziko la Germany, anayamba kuphunzitsa ku New York University, ndipo mu 1975 anabwerera ku Northwestern kumene anagwira ntchito zaka zambiri. Ana asukulu, dziwani kuti iyeyu sanali wa kemisitiri wosakaniza mankhwala m'mabotolo. Zida zake zinali masamu, choko ndi kompyuta, ndipo ankawerengera mmene maelekitironi, tinthu timene timanyamula magetsi, amayendera mkati mwa mamolekyu.

Ali ku New York analandira wophunzira wina, Arieh Aviram, amene ankagwira kale ntchito ku kampani ya IBM. Mu 1974 awiriwa anasindikiza nkhani yotchedwa Molecular Rectifiers m'magazini ya akatswiri ya Chemical Physics Letters. Maganizo awo anali akuti m'malo mosema silikoni kuti achepe, munthu angathe kumanga dayodi kuyambira pansi, polumikiza maatomu monga mmene akatswiri a kemisitiri amachitira popanga mankhwala. Anajambula molekyu ya zigawo zitatu. Chigawo choyamba, chotchedwa TTF, chimapereka maelekitironi mosavuta. Chigawo china, chotchedwa TCNQ, chimawalandira mosavuta. Pakati pake anaikapo kamlatho ka maatomu a kaboni kosalola magetsi kuyenda momasuka, kuti zigawo ziwirizo zisasakanikirane n'kukhala chinthu chimodzi. Elekitironi imatha kudumpha kamlatho kameneka chifukwa n'kakafupi kwambiri, ndipo masamu awo anasonyeza kuti molekyuyo ikaikidwa pakati pa zitsulo ziwiri, magetsi adzadutsa mosavuta mbali imodzi koma movutikira mbali inayo. Ine chimandigwira mtima n'chakuti amene anabwera ndi ganizoli anali wophunzira, ndipo mphunzitsiyo sanamubweze, anakhala naye pansi n'kuliyesa ndi masamu.

Vuto linali lakuti mu 1974 panalibe chida choyesera zimenezi. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita, tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa mananomita masauzande ambirimbiri, pamene molekyu yotere ndi ya mananomita ochepa chabe. Kodi waya wake mungaulumikize bwanji? Nkhani ija inakhala pa pepala zaka zambiri, ndipo akatswiri ambiri ankaiona ngati maloto. Zinthu zinayamba kusintha mu 1981, pamene Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer a ku IBM ya ku Zurich anapanga maikulosikopu ya mtundu wina, yokhala ndi kansonga kakuthwa kamene kamayenda pamwamba pa chinthu n'kuzindikira atomu imodziimodzi. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1986.

Chaka cha 1997 ndicho chinabweretsa umboni. Gulu la Mark Reed wa ku Yale ndi James Tour linatenga kawaya ka golide, n'kukapinda pang'onopang'ono mpaka kuduka, kusiya mpata wochepetsetsa pakati pa nsonga ziwirizo. Mu mpatawo munalowa molekyu ya benzini yokhala ndi atomu ya safa kumapeto konse kuwiri, poti safa amamatirira bwino ku golide, ndipo anayeza magetsi odutsamo. Chaka chomwecho Robert Metzger wa ku University of Alabama ndi anzake anasonyeza kuti mamolekyu opereka ndi kulandira maelekitironi, oyalidwa mosasanjikizana pakati pa zitsulo, amaloladi magetsi kuyenda kwambiri mbali imodzi. Molekyu yake sinali yeniyeni ija ya Aviram ndi Ratner, koma mfundo yake inali yomweyo. Panali patapita zaka 23.

Gawo limeneli la kafukufuku wa zipangizo za mamolekyu linakumananso ndi manyazi. Jan Hendrik Schön wa ku Bell Labs analengeza kuti wapanga matiranzisita a mamolekyu, koma akatswiri ena atalephera kupeza zotsatira zofanana, kafukufuku anapeza kuti anapeka manambala, ndipo anachotsedwa ntchito mu 2002. Ndatchula zimenezi chifukwa zinakakamiza aliyense kuyeza mosamala kwambiri, kambirimbiri, asanalengeze kanthu.

Tsono wina afunsa kuti, kodi foni ya molekyu imodzi ili kuti? Palibe, ndipo foni muli nayo m'thumbamo ndi ya silikoni. Zifukwa zake n'zodziwika. Pamalo pamene molekyu imakhudzana ndi chitsulo, atomu imodzi ikangosuntha magetsi odutsa amasintha, kutentha kumagwedeza molekyuyo, ndipo kuyala mamolekyu mabiliyoni kuti onse achite zofanana kwa zaka n'kovuta kwambiri.

Phindu la ntchito ya Ratner lili pa kumvetsa. Iye, ophunzira ake ndi anzake analemba nkhani za kafukufuku mazanamazana zofotokoza nthawi imene elekitironi imadumpha mtunda wonse kamodzi ndi nthawi imene imayenda moimaima, kuphatikizapo mmene imayendera mu DNA, molekyu yonyamula chibadwa cha zamoyo. Chidziwitso chimenechi n'chimene amadalira opanga masola a mamolekyu a kaboni, opepuka ndi opindika, komanso okonza magalasi a OLED a mafoni ena, ngakhale kuti OLED yeniyeniyo inapangidwa ndi akatswiri ena a kampani ya Kodak mu 1987. Masola aakulu a kwa Nanjoka kuno ku Salima, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021 ndi mphamvu ya mamegawati 60, ndi a silikoni, koma funso la mkati mwake ndi lomwelo, lakuti dzuwa likamasula elekitironi, ingatulutsidwe bwanji njira imodzi isanabwerere. Chifukwa cha ntchitoyi Ratner analandira mphoto ya Feynman mu 2001, ndipo mu 2002 anasankhidwa kulowa m'bungwe la National Academy of Sciences.

Makolo anzanga, mwana amene akufuna kulowa m'gawo limeneli ayenera kugwiritsitsa kemisitiri, fizikisi ndi masamu mpaka mayeso a MSCE, osasiya limodzi mwa atatuwa ali Fomu 3 poopa kuvuta. Maphunziro a sayansi amenewa amapitirira ku University of Malawi ku Zomba, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuzu University, ndipo aphunzitsi ali panowa angakuthandizeni kudziwa magiredi ofunika pa pulogalamu iliyonse. Zikomo kwambiri pondimvetsera.